Kasefa Kamene Zakaria Sanapeze

Zakaria Banda sindinamukondepo, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti ndayamba kumukonda. Ndayendetsa takisi pa boma la Lundazi zaka khumi ndi zinayi. Ndakangana ndi okwera oledzera, ndalalatiridwa ndi mabwana, koma munthu wa pakamwa poipa ngati makaniko ameneyu sindinakumane naye.

Kwawo kunali ku Kasungu, tsidya la malire. Anabwera kwathu kwa Mwase Lundazi ali mnyamata, pagulu la aja amadzagwira ntchito m'minda ya fodya, atanyamula bulangete limodzi m'jumbo. Ine ndinamuona ndi maso angawa akusoka fodya m'chigafa cha amalume anga, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Khasu ankaligwira monyinyirika, koma chigayo cha pamudzi chikangozima ankathamangirako ngati waitanidwa. Anayamba ndi njinga, kenako mapampu othirira madimba, kenako chigayo chomwecho. Atatopa ndi fodya anapita ku Chipata, kumene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'garaja ina, akutsuka zitsulo za injini m'beseni la petulo ndi kuba nzeru ndi maso. Pobwerera ku Lundazi anali ndi mkazi, ana awiri, bokosi la masipanala ndi mwano wodzaza ngolo.

Malo ogwirirapo ntchito anawapeza kwa mayi Justina Zimba, amene tonse timawatchula anyaZimba, mayi wamasiye yemwe ali ndi poloti yaikulu kuseri kwa msika. Anamupatsa ngodya ya mpanda, pansi pa mtengo wa mango. Munthu ukafika pamenepo n'kupereka moni wakwathu wakuti monire, iye sankayankha yewo ngati anthu. Ankangoti, "Tsegulani boneti."

Nthawi imeneyo tonse a matakisi tinali titasiya magalimoto akale aja n'kugula awa ochokera ku Japan, okhala ndi zilembo za VVT pachivundikiro cha injini. Ife tinkangoti viviti, osadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Ankathamanga bwino, petulo ankamwa pang'ono. Koma ikatha chaka pa misewu yathu ya fumbi, galimoto inkayamba matenda amodzimodzi. M'mawa poiliza inkachita gwedegwede kwa kanthawi. Ukaima inkanjenjemera mpaka kiyi kumalira. Pa chitunda inkafooka, petulo n'kumamwa ngati chidakwa cha kumapeto kwa mwezi, ndipo pa dashibodi pankayaka kagetsi kachikasu. Kagetsiko ambiri tinkangokamata ndi tepi kuti okwera asaone.

Makaniko wathu kuyambira kale anali a Bornwell Mtonga, mkulu wa mpingo, munthu wa imvi, amene ambiri a ife anatiphunzitsa ngakhale kusintha tayala. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: oyilo wolemera ndiye mphamvu ya injini. Ankatunga m'diramu oyilo wonanda ngati uchi, wofanana ndi wa chigayo, n'kumati uja wopepuka wa m'zigubu ndi madzi a azungu. Chinanso, chilichonse chimene atsegula ankachitseka ndi silikoni wofiira, wambiri, mpaka kumatuluka m'mbali. Ife tinkaona kuti imeneyo ndiye ntchito yolimba.

Zakaria anabwera ndi nkhani ina. Ankati m'injini izi nthawi imene mavalavu amatseguka siikhala imodzimodzi, imasuntha malinga ndi mmene ukupondera, ndipo chimene chimaisuntha ndi oyilo. Pali kachitsulo ka magetsi kotchedwa solenoidi, kamene kamatsegulira oyilo njira yopita ku giya ya kumapeto kwa kamushafuti, chitsulo chimene chimatsegula mavalavuwo, ndipo oyiloyo ndiye amapotoza giyayo pang'ono. Oyilo asanafike pa solenoidi amadutsa pa kasefa kakang'ono ngati nsonga ya chala. Akakhala wolemera kapena wakuda, kasefa kamatsekeka, giya siisuntha, injini n'kuyamba kudwala. Zimenezi zinali zoona, ndipo akanazinena ngati munthu, bwenzi titamunyamula pamapewa. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma uyu kalumo kake ankametera nako anthu popanda madzi.

Ankamasula bawuti m'mbali mwa injini, n'kutulutsa kasefa kodzaza phala lakuda, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Akatero ankakamangirira pa waya amene anakoka kuchokera pa mango kufika pa mpanda, n'kupachikapo kakatoni kolembedwa nambala ya galimoto yako. Aliyense wodutsa popita kumsika ankawerenga.

Ine waya umenewo unandichotsetsa ntchito. Ndinkayendetsa galimoto ya mphunzitsi wina, ndipo sindibisa, kusintha oyilo ndinkadumphitsa. Galimoto itadwala ndinapita nayo kwa Zakaria mwakachetechete, n'kumupempha kuti nkhaniyi ithere pomwepo.

"Achimwene, mukuopa bwana wanu, koma injini simunaiope," anatero, uku akulemba nambala pa katoni. "Iyi mwaidyetsa matope miyezi ingati?"

Patangopita masiku atatu mphunzitsi uja anadutsa pamenepo, nawerenga nambala yake, madzulo ake n'kudzanditenga kiyi pamaso pa anzanga. Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikungozungulira pa siteshoni, ndisanapeze galimoto yangayanga mothandizidwa ndi achibale. Kuyambira pamenepo Zakaria ndinamusungira chakukhosi.

Sindinali ndekha. Pa waya paja panali manambala oposa makumi atatu, ndipo nambala iliyonse inali ndi mwini wake wokwiya. Ndiye pa siteshoni panabuka mphekesera. Anaiyambitsa Obby, dalaivala mnzanga wolongolola, yemwe nambala yake inapachikidwa kawiri.

"Imwe, muganiza bwanji kuti motoka iliyonse apezamo chinthu chimodzimodzi?" anatero tsiku lina tikudikira okwera. "Uja ni sing'anga. Kaja kasefa kakuda asunga mu thumba. Apisa dzanja mu injini, atulutsa, ati onani matenda yanu. Monga aja ochotsa singano mu mwendo wa munthu."

Mawu amenewo anatikomera kwambiri moti palibe anafunsa ngati alipo anaonapo thumbalo. Tinatengana madalaivala asanu ndi atatu kupita kwa anyaZimba kukawauza kuti akusunga wakuba pa poloti pawo. Mayiwo anamvetsera ali chikhalire pa mpando, kenako anati sathamangitsa munthu chifukwa cha mawu a pa siteshoni. Anati tibweretse galimoto yodwala, Zakaria aitsegule pamaso pa anthu, ndipo akagwidwa bodza achoka sabata yomweyo.

Apa ndi pamene ine ndinaona mwayi wanga. Galimoto yanga inali itadwala matenda omwewo miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo chifukwa cha chidani ndinapita nayo kwa a Mtonga. Iwo anali atamva kale za kasefa kotchukako. Anakamasula, nakapeza kotsekeka, n'kukaponya m'dzala. Anati chinthu chimene chikutseka oyilo n'chochotsa, osati chotsuka. Anatsegulanso chivundikiro cha pamwamba n'kumata silikoni wawo. Galimoto inayenda bwino milungu ingapo, kenako inabwerera mwakale, mwinanso kuposa. Choncho ine, Obby ndi a Mtonga tinkadziwa chinthu chimodzi: m'injini yanga munalibe kasefa. Zakaria akangotulutsamo kasefa kakuda, ndiye kuti kachokera m'thumba mwake.

Ndinapereka galimoto yangayo, ndipo Zakaria atauzidwa za mayesowo sanakane. Anangoti galimoto igone pa poloti pomwepo, kiyi asunge anyaZimba, chifukwa amafuna kuimva ikulira koyamba isanatenthe.

M'mawa mwake dzuwa likungotuluka anthu anali atadzaza kale. Analipo madalaivala, amayi ogulitsa tomato, a njinga za kabaza, ndi a Mtonga atavala jekete lawo la kutchalitchi, ataima patsogolo manja ali kumbuyo. Zakaria anabwera atavala kabudula ndi malaya opanda matumba. Ndinazindikira kuti mphekesera ija inamufika, ndipo ndinakwiya kuti watitulukira.

"Lizani," anandiuza, osandiyang'ana.

Ndinaliza. Injini inachita gwedegwede wake uja, kenako n'kuyamba kunjenjemera. Iye anapendeketsa mutu, kumvetsera. Anasolola kandodo koyezera oyilo, napaka pa zala ziwiri, n'kuzitambasula. Oyilo anatamuka ngati ulimbo.

"Uyu ndi oyilo kapena phula la msewu?"

Ena anaseka. A Mtonga sanaseke. Zakaria anamatula tepi ija pa dashibodi, nalumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga pa foni. Anati kompyuta ya galimoto ikudandaula kuti ikulamula giya kusuntha koma giya sikumvera, ndipo anawonjeza kuti makinawo amangonena kumene kukupweteka, sanena chimene chaluma. Ndiye anazula pulagi ya solenoidi, natenga mawaya awiri kuchokera ku batire, n'kugunditsa injini ikulira. Palibe chinasintha. Anagunditsanso kachiwiri, injini inangopitiriza kunjenjemera momwemo.

"Zimitsani."

Anatenga sipanala n'kupita pa bawuti ija ya kasefa. Obby anandigunda ndi chigongono. Anthu anasendera pafupi, maso onse ali pa manja ake. Anamasula, natulutsa bawuti, nasuzumira. Anatenga kawaya n'kupisa m'bowomo. Anawunikamo ndi foni. Kenako anaweramuka, natambasula manja onse awiri opanda kanthu.

"Muno mulibe kasefa. Alipo anachotsa."

Ine ndinayang'ana pansi.

"A Kenan," anatchula dzina langa koyamba chiyambire, "mwabweretsa galimoto yopanda kasefa kuti mundigwire nayo? Ndiye mwakhala mukuyenda miyezi ingati zinyalala zikungolowa ngati m'nyumba yopanda chitseko?"

Iye anamasula solenoidi, naiika pa chigamba choyera, n'kuigunditsanso mawaya a batire aja. Inayenera kulira kuti tha, koma inangokhala duu. Anapempha singano kwa mayi wina wa tomato, n'kuyamba kutokosa m'timabowo take. Pang'onopang'ono anakoka kanthu kofiira, kotalika ngati nyongolotsi, n'kukakweza m'mwamba. Panalibe wofunika kuuzidwa kuti ndi chiyani. Silikoni wofiira ku Lundazi kuno ankamata munthu mmodzi yekha.

Ntchito yotsala anaigwira osalankhula. Anakhuthula oyilo yense, nasintha sefa yaikulu, natsuka solenoidi m'petulo mpaka inayamba kulira tha tha ikagunda mawaya. Anatenga kasefa kabwino m'bokosi lake, nakaonetsa kwa anyaZimba kuti akaone kuti n'koyera, n'kukalowetsa. Anathira oyilo wopepuka uja tinkamutcha madzi. Nditaliza, injini inakhazikika moti kiyi sanagwedezeke. Anagunditsanso mawaya pa solenoidi, ndipo ulendo uno injini inatsokomola, kutsala pang'ono kuzima.

"Waiononga!" anakuwa Obby.

"Khalani chete inu," anatero Zakaria. "Ikatsokomola chonchi ndiye kuti giya yamva. Poyamba paja inali gonthi."

Anabwezera pulagi, nafufuta dandaulo lija pa foni, kagetsi kachikasu n'kuzima. Anali atapambana, ndipo aliyense anaona. Akanangotsuka m'manja n'kukhala chete, bwenzi lero akadali pansi pa mango uja, ife tikudya manyazi athu. Koma Zakaria pakamwa pake sipankadziwa kuima. Anatola kachingwe kofiira kaja, napita pamene anaima a Mtonga, n'kuwaikira m'thumba la jekete.

"Tengani katundu wanu, madala. Magalimoto a anthu mwapha okwanira. Tsobola wakale sawawa. Bwererani kumudzi muzikakonza ngolo za ng'ombe, kumeneko silikoni sapha munthu."

A Mtonga, munthu amene anayimirira pa maliro a theka la mabanja athu, amene anaphunzitsa ambiri a ife kugwira sipanala, anatembenuka n'kudutsa pakati pa amayi a tomato akupukuta m'maso ndi chipewa. Ine amene ndinawakokera m'zimenezi ndinangoima ngati chitsa.

AnyaZimba anadzuka pa mpando wawo.

"A Banda, boza simunaname yayi. Taona tonse, nchito muidziwa chomene. Koma pa poloti panga sipalililapo munthu wa imvi. Aja adada ndiwo ananyamula bokosi la amuna anga. Pofika Loweluka mufumepo."

"Amayi, paja munati ndikagwidwa bodza."

"N'nakamba. Manje nakamba vina."

Obby ndi anzake anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, pang'ono.

Masiku anayi otsatirawo Zakaria anazungulira boma lonse kufuna malo ena. Kulikonse kumene ankafika, nkhani inali itafika kale, ndipo siinali ya kasefa ayi, inali ya Mmalawi amene analiza mkulu wa mpingo pamsika. Wina ankati malo alonjezedwa kale, wina ankati akafunse kaye abale ake. Ngakhale mwini nyumba imene ankakhala anayamba kunena kuti akufuna kuikonza.

Loweruka m'mawa ndili pa siteshoni ndinangoona munthu waima pa windo langa. Panali matakisi khumi ndi awiri pamzere, ndipo yanga inali yachisanu ndi chiwiri.

"Mundiperekeze pa malire a Lusuntha."

"Kuli anzanga kutsogolo uko," ndinatero.

"Ndawaona. Pa siteshoni yonse ino, galimoto imene ndikudziwa kuti ikafika ndi katundu wanga ndi iyi."

Ndinafuna kukana, koma madalaivala onse ankandiyang'ana, ndipo kukana kukanaoneka ngati mantha. Tinapita kunyumba kwake. Tinalonga bokosi la masipanala, jeke, matiresi awiri pamwamba, mapoto ndi thumba la chimanga. Mkazi wake, Alinafe, anakhala kumbuyo ndi ana, atakumbatira wailesi pamiyendo. Zakaria anakhala kutsogolo pambali panga.

Njira yonse sitinalankhulane. Iye anatsitsa galasi n'kupendeketsa mutu, kumvetsera injini, ngati kuti m'galimotomo munalibe anthu. Galimoto inali italemedwa mpaka matayala akumbuyo kutsala pang'ono kukhudza bodi, koma inkakwera zitunda osapempha giya yotsika. Chiigulireni inali isanayendepo choncho, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kwambiri.

Titayandikira malire, chete uja anandilemera. Ndinayang'ana pagalasi n'kufunsa mkaziyo ngati ku Kasungu kuli owalandira.

"Kulibe, achimwene," anayankha motsitsa. "Makolo awo anamwalira kalekale, munda analanda ena. Iwowa kuno akhala zaka makumi awiri ndi zitatu. Anawa sanapondeko n'komwe, kwawo amadziwa kuno."

"Usamuyankhe," anatero Zakaria.

Tinatsitsa katundu pansi pa mtengo pafupi ndi chipata, pamene amadikirira magalimoto a tsidya linalo. Ana anakhala pa matiresi. Ine ndinali nditakonza mawu m'mutu kuyambira pamene tinanyamuka, mawu ochepa chabe, oti zinthu sizinayenera kufika pamenepa. Ndinazungulira galimoto kupita pamene anaima. Iye anali atagwada kale kutsogolo kwa boneti, khutu lili pafupi ndi injini imene ndinaisiya ikulira.

"Giya ija inavulala," anatero akudzuka. "Zinyalala zanu zija zinaidya. Ikhoza kukufikitsani ku dzinja, koma muyambe kufunafuna ina ku Chipata. Oyilo muzisintha pa nthawi yake, wopepuka. Mukathiranso phula lija ndiye kuti ndinu chitsiru kawiri."

"A Banda, ine ndimafuna kunena kuti..."

"Mwatseka njira. Sunthani galimoto, anthu adutse."

Anatembenuka n'kuyamba kumanga chingwe pa bokosi lake la masipanala. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndipo ndinamuda munthu ameneyu kuposa tsiku limene anandichotsetsa ntchito, chifukwa ngakhale mpata wopepesa anandimana. Mkazi wake yekha ndiye anakweza dzanja pamene ndinkatembenuza galimoto.

Panjira pobwerera anthu atatu anandiimitsa, atanyamula matumba a mtedza, akupita ku boma. Sindinaime.